Tsopano Akuti Si TB

Lolemba, 3 Juni 2024

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 14, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya mageti kushedi kwanga ku Chilomoni, ndangolitembenuza n'kuyambira kumapeto. Ulendo uno ndizilemba chilichonse chimene akundibaya ndi kundimwetsa, chifukwa anthu awa fayilo amaitaya, kenako n'kumakufunsa ngati sanakuonepo.

Ndine Flexon Chipulikano, zaka 34, wowotcherera. Mankhwala a TB ndamwa katatu: 2011, 2016, 2021. Katatu konse makina sanapeze TB, koma ankati, “Ekisire ikuonetsa, ingoyambani.” Ndinkamwa, mkodzo n'kumafiira, chifuwa osasiya.

Lero kutentha thupi 39.1. Okosijeni 87, andiika kachubu m'mphuno. Sikelo 46. Ceftriaxone akubaya m'kanula ya pamkono kamodzi patsiku. Makhololo obiriwira, onunkha, theka la kapu kuyambira m'mawa. Amene anandilandira anafunsa ngati mankhwala a TB ndinkamaliza. Ndinawaponyera buku langa la kuchipatala patebulo, ndati awerenge okha ngati anaphunzira kuwerenga.

Gadiyani ndi mkazi wanga Doris. Mwana wathu Alinane, wa zaka zinayi, wamusiya kwa amayi ku Chemusa.

Lachiwiri, 4 Juni

Kutentha 38.8. Okosijeni 89 ndi kachubu. Jakisoni wabwera 10 koloko, pakhadi analemba 8. Atenga makhololo m'timabotolo tiwiri, magazi m'timachubu titatu.

Pabedi 13 pali a Ambrosi, mdala wa ku Bangwe, anali telala. Iwo TB inawagwira yeniyeni, inawadyera papo limodzi. Lotsalalo amalongololera. Andiona ndikulavula m'kapu, akuti, “Achimwene, chimenecho ndi cha fodya wamkulu. Ine ndimazidziwa.” Ndawauza kuti sindinasutepo ngakhale ndudu imodzi, ndipo ngati amadziwa kwambiri akapemphe gauni yoyera. Aseka mpaka kutsamwa. Madzi anali pafupi ndi ine, sindinawapatse.

Doris wabweretsa mpunga wa nyemba ndi mazira awiri. Ndadya zonse, ndamalizanso phala la m'wodi. Moyo wanga wonse ndimadya ngati anthu awiri koma zimangodutsa, chimbudzi chamafuta, chosamira. Kushedi amanditchula Waya.

Lachitatu, 5 Juni

Zotsatira: TB mulibe. HIV mulibe. Ndikanawauza ndekha osawononga singano.

Paraundi panabwera dokotala wina, mayi wamfupi wa magalasi, a Mhango. Akuti ndi a za mapapo. Sanayambe ndi fayilo, anayamba ndi zala zanga, kuzitembenuza, kuyang'ana nsonga zake zonenepa ngati tizibonga.

“Chifuwa chinayamba liti?”

“Sindikumbuka tsiku limene ndinalibe.”

“Mukatuluka thukuta, malaya amachita mchere?”

Kolala ya ovolosi yanga imayera ngati waithira ufa. Palibe dokotala anandifunsapo zimenezo.

“Kwanu alipo wina anadwalapo chonchi?”

“Chemwali wanga wamng'ono, Tadala. Anamwalira ali ndi zaka 7.”

“Muli ndi ana?”

“Mmodzi.”

Analemba, n'kundiyang'ana, n'kulembanso.

Kenako anatulutsa pepala. Akuti ali ndi kafukufuku wa anthu a chifuwa chosatha chomwe si TB, amafuna makhololo kuti makina awerenge mitundu yonse ya tizilombo tokhalamo. Ndinati, “Ndiye mukufuna digiri ina ndi makhololo anga?” Anati, “Digiri ndili nayo kale, a Chipulikano. Ndikufuna kudziwa chimene chikukudyani.” Ndasayina kuti achoke.

Lachisanu, 7 Juni

39.6. Ceftriaxone tsiku lachisanu, ngati akungothira madzi. Kanula yatupa, aisamutsira kumanzere, kubaya kanayi. Nesi wati mitsempha yanga ndi yamwano ngati mwini wake. Mawu amenewo ndasunga.

Loweruka, 8 Juni

A Mhango abwera ndi pepala la kulabu. Ndakopera mayina mmene alembedwera. Pseudomonas aeruginosa, wochuluka kwambiri. Staphylococcus aureus, wapakatikati. Haemophilus, wochepa.

Akuti m'mapapo mwanga mamina ndi okhuthala kuposa a anthu ena, satuluka, ndiye tizilombo timakhazikikamo. Si mtundu umodzi ngati TB. Timakhala mitundu ingapo pamodzi, tina timadya zotsala za tinzake, tina timaphana. Pseudomonas ndiye akubiriwiritsa makhololo, ndipo amadzikuta ndi ulimbo moti mankhwala samufika bwino. Ceftriaxone samumva n'komwe.

“Ndiye masiku asanu onsewa mumandibaya chiyani?”

“Tinkadikira labu.”

“Nanga zaka zonsezi mumadikira chiyani?”

Anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati maantibayotiki onse amene ndamwa kuyambira ndili mwana ankapha tizilombo tofooka n'kusiyira malo tolimba. Ndinati, “Ndiye munandiwetera nokha.” Anati iwo andiona koyamba Lachitatu. Ndati gauni ndi yomweyo.

Mankhwala atsopano: ceftazidime katatu patsiku, gentamicin kamodzi. Masiku 14.

Lamulungu, 9 Juni

38.7. Abwera amayi ndi achimwene a Godfrey, mkulu wanga, woyendetsa minibasi ya ku Ndirande. Amayi anatenga amayi a kumpingo atatu, aimba nyimbo ziwiri mokweza mpaka wa bedi 9 wadandaula. Popemphera amayi anatchulanso azakhali a ku Manje, malemu, amene iwo amati ndiwo analodza Tadala ndi ine. Munthu anafa kalekale koma mlandu sukutha.

A Godfrey anaima kumiyendo kwa bedi akugwedeza makiyi. Funso lawo linali limodzi, loti geti la a sitolo ya ku Machinjiri ndinalimaliza kapena ayi. Iwo ali ndi ana asanu ndi mimba yaikulu, sanagonepo m'chipatala.

Ana salowa m'wodi. Doris anamunyamula Alinane panja pa windo. Anandiyang'anitsitsa, kenako wakuwa, “Adadi, akumangani chingwe m'mphuno ngati ng'ombe!” Wodi yonse yaseka. Inenso ndaseka, koyamba sabata ino, n'kutsokomola mphindi khumi.

Lolemba, 10 Juni

Andichotsa m'wodi. Akuti Pseudomonas wanga angalumphire a Ambrosi, ndipo papo lawo limodzi lija silingapirire. A Ambrosi atamva anati, “Sabata yathunthu ndakhala ndikupuma mpweya wa munthu uyu, lero ndi pamene mwakumbukira?” Ndikudutsa anadziphimba bulangete kumaso. Ndinaima dala pamenepo n'kuwatsanzika bwinobwino.

Chipinda chake ankasungiramo mabedi othyoka, awiri akadali momwemo. Wolowa aliyense azivala masiki.

Ayamba fizo, yothandiza kutulutsa makhololo. Wochititsa wake ndi a Majidi, manja ngati mafosholo. Amandigoneka chammbali mutu kumunsi n'kumawomba msana ndi manja okhoma, mphindi 20, kawiri patsiku. Ine ndikutukwana, iwo akuwerenga. Kapu yadzaza. Sindinkadziwa kuti m'thupi lowonda ngati ili mungakhale zonyansa zochuluka chonchi. Nditakhala tsonga ndinapuma mpaka pansi, mmene sindinapumirepo chaka chino. Sindinawauze.

38.0. Okosijeni 92.

Lachiwiri, 11 Juni

Ayeza thukuta. Kachipangizo pamkono, kuyabwa ngati nyerere, kenako kudikira theka la ola. Mchere wapezeka 94. Wa munthu wabwinobwino akuti sufika 30.

Dzina lake cystic fibrosis. A Mhango andilembera okha m'kope muno chifukwa ndinalephera. Akuti ndi matenda obadwa nawo, theka limachokera kwa bambo, theka kwa mayi, iwowo osadwala. Tadala mwina anafa nawo omwewo. Ine anga ndi opepukirapo, n'chifukwa chake ndafika 34. M'mabuku amene anaphunzira ankati ndi matenda a azungu, ndiye palibe ankawafunafuna mwa wowotcherera wa ku Chilomoni. Magazi atumiza ku Joni kukatsimikiza.

Sachizika. Tizilombo sitidzatha, azingotichepetsa, tikachuluka ndizibweranso. Fizo tsiku lililonse mpaka imfa. Makapisozi omwera pa chakudya chilichonse kuti mafuta azigayika. Utsi wowotcherera akuti ndiusiye. Ndawafunsa ngati kafukufuku wawo amagawa ufa.

Miyezi 20 ya mankhwala a TB. Kudyera m'mbale yangayanga, anthu kusuntha m'minibasi, makasitomala kuimira patali. Zonsezo pa matenda amene ndinalibe. Palibe wabwera kudzati pepani.

Lachitatu, 12 Juni

37.6. Kachubu achotsa masana onse.

A Mhango anapempha Doris kuti atuluke kaye. Anatseka chitseko, n'kukhala pa bedi lothyoka lija.

“Pali china choti mudziwe. Amuna ambiri a matendawa amabadwa opanda timitsempha todutsa mbewu. Mphamvu m'nyumba amakhala nazo, koma kupereka mimba ayi. Pa amuna 100, opitirira 95.”

“Ine ndili ndi mwana.”

“Munandiuza. Si onse. Simukukakamizidwa kuyezetsa, mukhoza kuzisiya pomwepa. Koma sindikanabisa.”

Ndawauza kuti atuluke. Ndawauzanso zina zokhudza kwawo kumpoto zimene sindilemba muno.

Ndilembe za Mildred, chifukwa kuyambira masana sakuchoka m'mutu. Mildred anali mkazi wanga woyamba, 2012 mpaka 2018. Zaka sikisi, mimba ngakhale yopita padera ayi. Amayi anayamba kunena kuti amamwa mapiritsi olera mobisa, kuti ali mtsikana anachotsa mimba zambiri. Nkhani inafika kwa akuluakulu a mpingo. Anandifunsa pamaso pa anthu ngati mapiritsiwo ndinawaona ndi maso anga. Ndinati inde, m'chikwama chake. Sindinawaone. Amayi ndiwo anandiuza, ine ndinangowonjezera maso. Anamuchotsa m'kwaya, anamuimitsa mgonero, ine n'kumupitikitsa. Anakwatiwa ku Zingwangwa, pano ali ndi ana awiri. Ife tinkati, mwaona, wasiya mapiritsi aja.

Lachinayi, 13 Juni

Ndapereka umuna kuti akayeze. Kabotolo, kachipinda kopanda loko, nesi akudikira panja akuseweretsa foni. Dokotala wamwamuna wandipimanso ndi manja. Doris ndamuuza kuti ndi za mkodzo.

Wabweretsa chambiko ndi mbatata. Sindinadye.

Lachisanu, 14 Juni

Mbewu mulibe ngakhale imodzi. Timitsempha tija mulibe, mbali zonse ziwiri. Sitinatsekeke ndi matenda, sitinakhalepo chibadwire.

37.2. Okosijeni 94. Sikelo 47. Manesi akuti ndikuchira.

Loweruka, 15 Juni

Doris anabwera 12 koloko ndi mbale. Ndinamusiya atsegule, atsuke supuni, andiikire makapisozi m'manja. Kenako ndinamupatsa pepala la kulabu. Chizungu amawerenga bwino kuposa ine. Anawerenga kawiri, n'kulipinda bwinobwino ngati chovala.

“Alinane ndi wa ndani?”

“Bambo a Alinane, idyani kaye.”

“Usanditchule choncho. Ndi wa ndani?”

“Kafunseni amayi anu.”

Ndinaponya mbale kukhoma. Iye osasuntha. Anatsitsa masiki n'kuyamba kuyankhula, mawu ake osakwera. Akuti 2019, nthawi imene ndinapita ku Lilongwe masabata atatu kukawotcherera denga la tchalitchi, amayi anamuitanira ku Chemusa. Anali atamva kuti Mildred ali ndi pakati pa miyezi sikisi. Anamuuza Doris kuti vuto aliona kumene lili, koma mwana wawo sangasekedwe mu Blantyre muno. Kuti chaka chikatha opanda mimba, adzapita mmene anapitira Mildred, ndi mbiri yomweyo. A Godfrey anali kuchipinda, akudikira.

“Katatu,” anatero. “Ndinkalira katatu konse. Mpaka lero a Godfrey akalowa pakhomo ine ndimatulukira kuseri. Zaka zisanu, inu simunaonepo?”

Sindinaonepo.

“Bwanji sunandiuze?”

“Ndikanauza ndani? Munthu amene anaima pamaso pa mpingo n'kunamizira mkazi wake? Ine ndinali pabenchi lachitatu tsiku limenelo.”

Ndinamuuza achoke, asabwerenso. Anatola zidutswa za mbale, anakatsuka kapu ya makhololo, anaibweza pamalo pake, n'kupita.

Lamulungu, 16 Juni

Amayi abwera okha, opanda oimba. Doris anali atawauza. Masiki anakana kuvala.

“Iwe Flexon, ukufuna kudzivula pamsika? Ndinakusungira ulemu. Magazi ndi amodzi, Godfrey ndi m'bale wako bere limodzi. Mwanayo dzina ndi lako, chipumi n'chakwathu. Ukufunanso chiyani?”

“Nanga Mildred?”

“Mildred ali pabanja pake, akudya bwino.”

“Munadziwa kuti tinamunamizira, munakhala chete.”

“Amene anati anaona mapiritsi ndi ine kapena iwe?”

Pamenepo anandipeza. Ndiye nanenso ndinafuna powapweteka. Ndinawauza kuti matendawa theka linachokera kwa iwo, theka kwa malemu bambo. Kuti Tadala sanalodzedwe ndi munthu, anamupatsa okha m'mimba. Kuti azakhali a ku Manje anawasala zaka makumi awiri, maliro awo osapitako, pa chinthu chimene chinali m'magazi mwawo momwe.

Anaimirira, n'kumanganso chitenje. Anati madokotala a masiku ano amaphunzitsa ana kutukwana makolo. Nthochi zimene anabweretsa anabwerera nazo.

A Godfrey andiimbira foni kasanu. Ndawabuloka.

Lolemba, 17 Juni

Magazi. Ndinatsokomola pa fizo, kapu n'kufiira, pafupifupi theka. A Majidi anasiya kuwerenga n'kuthamanga. Jakisoni woletsa magazi, kachubu abwezera, fizo aimitsa. 38.9.

Gadiyani ndilibe. Kapu yakhala yosatsuka tsiku lonse.

Lachiwiri, 18 Juni

39.0. Magazi ochepa, akuda. Atenganso makhololo. M'makutu mukulira ngati giraindala ya kutali.

Akazi awo a Ambrosi asiya fulasiki ya tiyi pakhomo. Akuti mdala wati ndimwe, ndisafe msanga, akufuna adzandimalize yekha ngati ndamupatsira. Ndamwa. Shuga wochepa.

Lachitatu, 19 Juni

38.1. Gentamicin aimitsa chifukwa cha makutu. Akuti kulirako mwina kudzatha, mwina ayi.

A Mhango abwera ndi mapepala awiri. Za mawu anga a Lachitatu lapitalo sanatchule, inenso sindinatchule. Loyamba la kulabu: Pseudomonas wachepa, koma Staphylococcus wachuluka. Akuti Pseudomonas ankamupondereza, ndiye titamumenya winayo wapeza mpata, n'chifukwa chake thupi latenthanso. Awonjezera cloxacillin kanayi patsiku. Ndati ndiye mukazimitsa uku kukuyaka uko. Avomera kuti ndi choncho.

Lachiwiri ndi la kafukufuku, la makhololo oyamba aja. Makina apeza mitundu 23, yambiri yoti kulabu wamba simera n'komwe, ina yochokera m'kamwa, ina yokhala kopanda mpweya pansi pa mamina. Koma pa tizilombo 100 tilitonse, 81 ndi Pseudomonas. Akuti odwala amene mapapo awo akadali bwino amakhala ndi mitundu yambiri popanda wolamulira. Mapapo akamatha, mitundu imachepa, umodzi n'kutenga malo onse.

“Ine ndili pati?”

“Pakati. Koma mukupendekera uko.”

Anandipumitsa m'kachubu ka makina katatu. Mapapo akugwira 41 pa 100. Ndafunsa zaka zingati. Ati sadziwa, zidalira fizo, kudya, ndi kubwera msanga ndikadwala. Ati pakufunika munthu kunyumba woti aphunzire kuwomba msana.

Doris wabwera. Sanalowe. Wakhala pabenchi panja pa chitseko kuyambira m'mawa, chakudya akupatsira nesi. Sindinamuitane, sindinamuthamangitse.

Lachinayi, 20 Juni

37.5. Magazi asiya. Fizo ayambiranso, pang'onopang'ono.

Nambala ya Mildred ndinaifufuta m'foni zaka sikisi zapitazo koma m'mutu inakana. Ndaimba masana. Foni inalira kanayi.

“Ndani?”

“Flexon.”

Kumbuyo kunkamveka mwana ndi wailesi.

Ndinamuuza kumene ndili, ndi zimene apeza. Zonse, kupatula za Alinane, koma iye si wopusa. Ndinati ndinalakwa. Sanati zikomo, sanati pepani mukudwala. Anafunsa wodi ndi nthawi yoonera odwala, n'kudula.

Loweruka, 22 Juni

37.0. Okosijeni 95 popanda kachubu. Sikelo 47.5. Ceftazidime watha dzulo, cloxacillin ndipitiriza wa makapisozi. Akuti Lachiwiri ndikhoza kutuluka.

Mildred wabwera 1 koloko. Wanenepa, wavala suti ya buluu, chikwama pamkono. Anadutsa Doris pabenchi, anapatsana moni wa anthu okumana pamaliro. Anavala masiki yekha osauzidwa. Mpando anakana.

Ndinali nditakonza mawu kuyambira Lachinayi. Ndinangofika pa “Mildred, ine” basi, anakweza dzanja.

“A Flexon, sindinabwerere kulira kwanu. Ndabwerera kalata.”

Anatulutsa pepala loyera ndi cholembera, n'kuziika pa bulangete. Akuti ndilembe kwa akuluakulu a mpingo uja. Kuti mapiritsi sindinawaone. Kuti ndinanama. Kuti wosabereka ndine, chibadwire, ndipo madokotala atsimikiza. Ndisayine, aiwerenge kutsogolo Lamulungu, pamalo pomwe ndinaima paja.

“Amayi anga anamwalira akuyenda chozolika ku Chilomoni,” anatero. “Apongozi anga a pano mpaka lero akandikwiyira amati, paja iwe unkachotsa mimba. Ana awiri sanafufute zimenezo, chifukwa inu munabereka kwina, ndiye wabodza ndinakhalabe ine. Zaka sikisi sindinaimbe m'kwaya iliyonse. Lembani.”

Ndinatenga cholembera. Ndinalemba deti, ndinalemba “Kwa akuluakulu a mpingo.” Ndinalemba kuti mapiritsi sindinawaone, ndinanama, Mildred sanalakwe chilichonse. Pamenepo dzanja linaima.

Mpingo umenewo ndi umene Alinane anabatizidwira. Amapita Sande sukulu komweko, amakhala kutsogolo chifukwa ndi wamfupi. Kalatayo ikawerengedwa 10 koloko, pofika 12 Chilomoni yense akhala akuwerengetsa miyezi ndi kuyang'ana chipumi chake. Adzakula akumutchula mwana wa fisi.

“Izi zokha ndisayina,” ndinatero. “Zakusaberekazo ayi.”

Anawerenga. “Izi adzati mwalemba chifukwa mukuopa kufa. Adzati mwandimvera chisoni. Popanda chifukwa chake palibe adzakhulupirire.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye malizani.”

“Pali mwana.”

“Mwana wa ndani?”

Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ndinkaona phazi la Doris pansi pa benchi, litasiya kugwedera.

“Wanga,” ndinatero.

Mildred anandiyang'ana. Pamwamba pa masiki maso ake anali ouma. Anatenga pepalalo, osalipinda, n'kuling'amba pakati, n'kuikanso zidutswa ziwirizo pa bulangete mwaulemu.

“Koyamba munandipereka chifukwa cha amayi anu. Lero chifukwa cha mwana wa eni. Nthawi zonse mumapeza wina woposa ine. Mulungu akuchizeni, a Flexon, mukhale nthawi yaitali, muzikumbukira.”

Anatenga cholembera chake n'kutuluka. Nsapato zake zinamveka mpaka kumapeto kwa khonde.

Ndamulakwira kachiwiri. Koyamba ndikanatha kunena kuti sindinkadziwa. Lero ndachita ndikudziwa, ndipo atabweranso mawa ndi pepala lina ndingachitenso chimodzimodzi.

Patapita nthawi Doris anakankha chitseko n'kuima pakhomo. Sanandithokoze, ndipo akanayerekeza ndikanamuthamangitsanso. Anangoti a Majidi akufunsa ngati alowe nawo 4 koloko kuti amuonetse poika manja.

Ndati alowe. Ndati asayankhule nane.